Malo Otayira Mzinga

Ntchito yathu ndi ya nkhondo, koma choopsa chachikulu chimene thupi langa lakumana nacho pa ntchitoyi ndi khofi wa m'kantini. Ndimadzuka ku Las Vegas ngati wina aliyense, kutukwanizana ndi anzanga pa msewu, kulowa m'chipululu, kuonetsa khadi pa geti, kenako n'kukadzitsekera m'kontena yozizira ngati filiji ya ku butchala. M'katimo muli mipando iwiri. Wakumanzere ndi wa woyendetsa ndege, wakumanja ndi wa ine wa kamera. Ndegeyo payokha ili tsidya lina la dziko lapansi, yopanda munthu m'kati, ikuzungulira pamwamba pa dziko limene sindiloledwa kulitchula. Ngakhale akanandilola, ndimalitchula molakwika.

Ndine Lamar Tibbs, sajeni. Sukulu ndi ine tinasiyana mwamtendere, aliyense anatenga katundu wake. Ndisanavale yunifolomu ndinkagawa makadi a juga m'boti la pa mtsinje wa Mississippi, ndipo n'kumeneko kumene ndinaphunzira kuyang'ana manja a anthu nthawi yaitali osaphethira. Boma litaona luso limeneli linati bwera, tili ndi mpando wako.

Mpandowo ndinkasinthana ndi Twila Renfro. Iye akamaweruka m'mawa, ine ndimalowa. Kuno kukamacha, kumeneko dzuwa limakhala likupendeka. Ndi mtsikana wa ku Oklahoma, wa m'kwaya ya tchalitchi, wosadziwa kunama ngakhale pa masewera a makadi. Nkhani iyi ndi yake. Anamuchotsa pa mpando n'kumutumiza kwa dokotala wa maganizo chifukwa ankanena kuti wapha munthu, pamene gulu lonse, ndi makina ake, ndi maloya ake, linkanena kuti sanaphe aliyense. Dokotala akanangosaina kuti mtsikanayu amaona zinthu zimene kulibe, ntchito ikanathera pomwepo, iye n'kutsala ndi mutu umene sangaukhulupirirenso.

Agogo anga anamenya nkhondo ndi mfuti ndi mantha. Ife timamenya ndi loya. Tisanaombere, pa foni pamakhala anthu ochuluka kuposa a pa ukwati: oyang'ana zithunzi ali dera lina, abwana ali dera lina, ndiye loya, amene amafunsa kuti kodi munthuyo ndi yemweyo, pali akazi pafupi, pali ana, mzikiti uli kutali bwanji. Aliyense, ngakhale wamng'ono pa onse, akanena kuti imani, zonse zimaima. Timanyadira nazo zimenezi, ndipo sindikuseka. Tili ndi mwambo winanso. Mzinga wathu ndi galu womvera, umatsatira kadontho ka kuwala kamene wa kamera waloza pansi. Ukauponya umakhala m'mwamba kanthawi kokwana kuyasamula kawiri. Ndiye tisanauponye timagwirizana malo otayira, pamalo popanda kanthu, kuti munthu wosalakwa akatulukira mwadzidzidzi, wa kamera akokere kadontho kumeneko, mzinga ukaphulike ndi miyala. Ndi chifundo chokonzeratu, chokhala ndi siginecha.

Amene tinkamulondola anali munthu woipa ndithu, pamenepo musakayike. Mabomba ophulika m'misika anali ntchito ya manja ake. Kwa abwana anali ndi nambala, koma ife tinkamutcha Mkamwini, chifukwa ankadya nyumba iliyonse m'mudzimo osanyamulako ngakhale anyezi. Kupatsa anthu maina n'koletsedwa, akuti kumafewetsa mtima. Koma yesani kuyang'ana mudzi umodzi miyezi yambiri muone ngati simuyamba kudziwa amene amazemba kumunda ndi amene amasirira mkazi wa mnzake.

Kuseri kwa nyumba imene Mkamwini ankagonamo kawirikawiri kunali bwalo louma, khoma logumuka, ndi malata angapo oyalidwa pa timitengo. Pansi pa malatawo panali ming'oma ya njuchi youmba ndi dothi. Mwini wake anali nkhalamba ina ya bulu wotsimphina, imene ine ndinkaitcha Madala a Uchi. Ankafika dzuwa la kumeneko likapendeka, pa nthawi yanga, n'kumanga bulu pa khoma, kulowa pansi pa malata ndi kautsi kawo, mdima usanagwe n'kumapita. Ndinawanena kwa oyang'ana zithunzi monga mwa lamulo. Iwo anawaika m'makina, makina anawerengetsa n'kunena kuti nkhalambayi imabwera madzulo okhaokha. Choncho bwalolo linasankhidwa kukhala malo otayira, malinga kuomberako kukhale kwa masana. Loya anavomera. Abwana anavomera. Inenso ndinavomera, pakamwa pali donasi.

Tsiku limene zinachitika ndinafika m'mawa n'kupeza anthu akuombana m'manja m'khonde ngati timu yawina. Anandikokera pa sikirini kuti ndione. Mkamwini watuluka yekha kupita ku galimoto, masana, msewu uli mbee. Loya wati inde. Mzinga wanyamuka. Kenako chitseko chatseguka, mayi wina watuluka ndi thireyi ya tiyi akumuthamangira, ngati kuti munthu wamkuluyo wachoka osamwa. Pomwepo chithunzi chinaterereka, khoma, bwalo, malata, fumbi. Twila anali atakoka kadontho. Mkamwini anathawa ngati mbuzi yomasuka, mayi uja anagwa, n'kudzuka, n'kuthawanso, wamoyo, thireyi ili m'manja.

Abwana aakulu a gulu lathu anali ataimbira kale ku Washington. Ankanena za mendulo, ndiponso kuti kanemayo azionetsedwa kwa ophunzira onse, aone mmene Amereka amamenyera nkhondo.

Twila ndinamupeza m'kantini yekha, akuyang'ana khofi ngati muli ntchentche.

"Chemwali, wasanduka munthu wa pa kanema," ndinatero. "Undisainire pa chipewa usanayambe kutiiwala."

"Tibbs, nkhalamba yako ija imabwera nthawi yanji?"

"Madala? Dzuwa likapendeka. Safulumira, sachedwa, ali ngati a msonkho."

"Pansi pa malata panali utsi."

"Ndi fumbi limenelo. Dziko lija mbewu yake ndi fumbi."

"Fumbi silikwera chonchija. Ndinaona phazi, Tibbs. Linali kunja kwa mthunzi, kenako linalowa."

"Bulu unamuona?"

"Ndinalibe nthawi yofunafuna bulu."

Ananena zoona. Kamera yathu ikayandikira chinthu, umaona dziko ngati ukusuzumira m'kapaipi. Khomo la Mkamwini unkaliona mpaka misomali, koma kuseri kwa nyumba kukanadutsa gulu la oimba ndi ng'oma zawo, iwe osadziwa.

Oyang'ana zithunzi anaimitsa kanemayo, kumukulitsa, kumutembenuza. Anapezamo kachinthu kotuwa. Anati ukhoza kukhala mwala, likhoza kukhala thumba, ukhoza kukhala mthunzi. Pomaliza anati palibe wafa. Kuonanso bwalolo sikunatheke, chifukwa mphepo ya mchenga inauka kumeneko n'kuphimba chigwa chonse, ndege zathu n'kukhala pansi masiku angapo. Pa msonkhano wa gulu, abwana atatchula za mendulo, Twila anaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti sangalandire mphoto chifukwa chopha nkhalamba. Abwana si munthu wankhanza. Anamugwira paphewa n'kunena kuti watopa, ndipo m'gulu lathu kutopa si manyazi, tili ndi madokotala ake. Mawa lake pa mpando paja ndinapezapo munthu wina.

Mchenga utatsika ndinabwerera pamwamba pa mudzi uja. Malata anali atapindika ngati pepala la switi, ming'oma ili zidutswazidutswa. Dzuwa linapendeka. Madala sanabwere. Ndinati mwina akwiya, inenso wina ataphwanya bizinesi yanga sindingabwere kudzaionera. Tsiku lotsatira sanabwerenso. Kaputeni Sandoval, woyendetsa ndege wanga, munthu wokonda gofu kuposa ana ake, anafunsa chimene ndinkangobwererabwerera ku bwalo lija.

"Ndikufuna uchi, bwana."

"Funa Mkamwini. Uchi uli ku sitolo."

Loweruka masana Twila anandiimbira kuti tikumane pa malo ena ogulitsa nkhuku yokazinga, pafupi ndi chipatala. Anali atavala zovala wamba, ndipo anaoneka ngati mwana wasukulu amene wabwezedwa. Sanadikire kuti nkhuku ifike.

"Wabwera?"

"Ndani, woperekera zakudya? Ameneyu ndi waulesi, ndimamudziwa."

"Tibbs."

Ndinayang'ana nkhope yake. Ndagawira makadi anthu ambiri oluza, ndipo ndimadziwa munthu amene khadi limodzi lokha likhoza kumumaliza. Ndinaganiza kuti ndikamuuza kuti nkhalamba sikuoneka, sagonanso mpaka ukalamba. Ndikangokhala chete, mwina pang'ono ndi pang'ono akhulupirira za mwala zija.

"Kamera yakhala ili kwina," ndinatero. "Mkamwini wasamukira ku mapiri, tikungothamanga naye. Ku bwalo lija sindinayang'aneko."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti apuma, koma anangotsamira mpando.

"Ndiye mwina dokotala akunena zoona," anatero. "Akuti ubongo ukapanikizika umadzaza wokha malo opanda kanthu. Dzulo ndinaona utsi m'khitchini mwanga. Ndinakayang'ana kawiri, mbaula inali yozimitsa. Tibbs, ngati phazi lija kunalibe, ndiye zina zonse zimene ndakhala ndikuona pa mpando paja bwanji? Onse aja amene ndinanena kuti anyamula mfuti?"

Nkhuku inafika. Ine amene sindinasiyepo chakudya m'mbale chibadwire, ndinapempha kuti andikulungire.

Lolemba, nditangokhala pa mpando, ndinaona anthu akusonkhana pa nyumba ina kumapeto kwa mudzi. Amuna okhaokha, ambiri. Anatuluka ndi machira ali pamapewa, akuyenda mofulumira monga amachitira kumeneko, akulandizana. Pa khoma la nyumbayo panali bulu womangidwa. Gulu litadutsa anayesa kulitsatira mpaka pamene chingwe chinathera, akutsimphina.

Ndinawerengetsa masiku m'mutu n'kusiya. Kumeneko amaika maliro msanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ngati akuika lero, ndiye kuti Madala sanafere pompo. Anakhala m'nyumba ija masiku onse a mchenga aja, pamene ife kuno tinkakangana za mwala ndi thumba.

"Taona uyo wanyamula kutsogolo kumanja," anatero Sandoval, akudzuka pa mpando wake. "Si mnzathu uja?"

Anali Mkamwini, phewa lili pansi pa machira. Foni inadzaza nthawi yomweyo. Mawu a abwana anamveka ngati a munthu amene waona basi yake ikubwera.

"Meja Whitlock, munthu wathu ali poyera."

Meja Whitlock ndiye loya wathu, mayi wamfupi wa mawu osakwera osatsika, amene amatha kukana chinthu ngati akukupatsa moni.

"Ali pa maliro, bwana."

"Onse aja ndi amuna akuluakulu. Palibe mkazi, palibe mwana."

"Amuna akuluakulu nawonso amaika maliro. Ayi, bwana."

"Akachoka kumanda?"

"Akakhala yekha mundiitane."

Sandoval anatseka maikolofoni yake n'kunena kuti tsiku lina adani athu adzayamba kuyenda ndi machira popita kukagula fodya. Tinawaperekeza mpaka kumanda, tili pamwamba, aulemu ngati achibale ochokera kutali. Tinaona akutsitsa, akukwirira, akutambasula manja. Malirowo tinawalemekeza ndi malamulo athu onse, koma palibe pa foni paja amene anafunsa kuti ndi a ndani.

Nditaweruka ndinapita ku ofesi ya a Meja. Ndinawapeza akudya masamba osaphika m'kabakuli ka pulasitiki, nsapato zothamangira zili pansi pa tebulo.

"Sajeni Tibbs. Mwabwera kudzandiuza nthabwala ya maloya? Ndinaimva kale ija ya shaki, nsomba yolusa imene sidya loya chifukwa ndi m'bale wake."

"Ndili ndi yatsopano, Meja, koma siseketsa. Maliro aja ndikuwadziwa mwini wake."

Anaika foloko pansi. Ndinawauza za Madala, za bulu, za madzulo onse amene sanabwere. Sanandidule. Nditamaliza anati iwonso anafunsa oyang'ana zithunzi foni itangotha, ndipo anayankhidwa kuti m'midzi anthu amafa ndi zambiri, chifuwa, ukalamba, njoka.

"Ine ndikukukhulupirirani," anatero. "Renfro ndinamukhulupirira tsiku lomwe lija. Koma kukhulupirira kwanga si umboni. Mboni imodzi, imenenso ili m'manja mwa dokotala, sindingatsegule nayo kafukufuku. Ziwiri ndingathe. Mulumbira?"

"Ndikalumbira, mtsikana uja mum'manga?"

"Ayi."

"Nanga ine? Paja malo aja ndinavomera nawo."

"Inenso ndinavomera. Sindikuona amene angamangidwe. Koma mendulo iima, kanema uja achotsedwa, ndipo abwana adzayenera kuimbanso ku Washington kukabweza nkhani yokoma imene anaikamba kale. Simukhala munthu wokondedwa m'kantini."

"Meja, ine akazi awiri anandisiya. Kusakondedwa ndili nako ndi satifiketi."

Sanaseke, koma anatulutsa kachipangizo kojambulira mawu n'kundiuza kuti ndikweze dzanja.

Twila ndinakamudikira panja pa chipatala tsiku lomwelo, dzuwa likuwotcha magalimoto. Sindinafune kuti amve kwa a Meja. Atatuluka ndinamuuza mosazungulira, chifukwa ndikayamba kuzungulira ine sindifika.

"Madala amwalira. Aikidwa lero. Ndipo ku bwalo lija ndinkayang'anako tsiku lililonse. Ndinakunamiza."

Anaima ndi makiyi m'manja. Ndinkadikira kuti alire kapena andimenye, ndipo kumenyako ndikanakulandira bwino.

"Ndiye linali phazi," anatero.

"Linali phazi."

"Ndi utsi."

"Ndi utsi womwe."

Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula thumba la simenti n'kupatsidwa lina. Kenako anandiyang'ana.

"Unandisiya ndikuyang'ana mbaula yanga kawirikawiri, Tibbs."

"Ndinkati ndikukuthandiza."

"Usadzandithandizenso."

Analowa m'galimoto n'kupita. Sanandiyankhulenso mpaka chigamulo chitatuluka.

Kafukufuku anatenga milungu. Kunabwera anthu a masuti ochokera kum'mawa, aulemu kwambiri, ofunsa funso limodzi m'njira zisanu. M'kantini anthu anayamba kukhala ndi zochita zambiri ndikafika pa tebulo. Sandoval anandiuza kuti ndine munthu yekhayo amene anamuonapo akulavulira m'keke ya mnzake chifukwa chomukonda. Abwana sanandinene kanthu. Anangosiya kuseka nthabwala zanga, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi ankaseka mwaulemu.

Potsiriza a Meja anatiitana awirife ku ofesi kwawo. Anatseka chitseko n'kunena okha, osawerenga.

"Apeza kuti panafa munthu wamba mmodzi, mwamuna wachikulire. Zalowa m'chiwerengero cha boma. Apezanso kuti kuomberako kunali kovomerezeka, kusankha malo kunatsata zonse zimene zinkadziwika pa nthawiyo, ndipo kukoka mzinga kunali koyenera. Renfro, unapulumutsa mayi uja. Zimenezo sizinasinthe."

"Ndiye walakwa ndani, Meja?" anafunsa Twila.

"Palibe."

"Munthu wafa."

"Inde."

"Ndipo palibe walakwa."

"Pamaso pa lamulo, palibe. Lamulo limafunsa ngati unasamala ndi zimene unkadziwa. Unasamala. Tonse tinasamala."

Twila anayang'ana manja ake. "Dzina lake analipeza?"

"Ayi."

"Ndingawalembere abale ake?"

"Sungathe. Sitinganene n'komwe kuti ndege inali yathu."

"Ndiye ndichite chiyani?"

A Meja anatembenukira ku shelefu ya mabuku a malamulo. Ndikuganiza kuti m'mabuku onse aja a kumbuyo kwawo ankafunafuna tsamba limene mulibe. Kenako anati pali chimodzi chimene chasintha. Kuyambira tsopano malo otayira sadzakhalanso pamalo pamene pali denga la mtundu uliwonse, ndipo wa kamera azikayang'anako komaliza mzinga usananyamuke. Lamulolo lapita ku magulu onse. Anati zimenezi zipulumutsa anthu, ndipo ndikukhulupirira kuti zipulumutsadi. Kwathu kuno munthu akafa molakwika timamuika m'ndime yatsopano.

"Chinanso," anatero a Meja. "Dokotala waona zotsatirazi. Akuti munthu amene anaona zoona si wodwala. Wakumasula. Abwana akufuna ubwerere pa mpando Lolemba, anthu a kamera ndi ochepa."

Ine ndinkaganiza za kumuchotsa kwa dokotala basi. Sindinaganizeko kuti khomo lotulukira kwa dokotala limalowera m'kontena.

"Mudzi womwe uja?" anafunsa Twila.

"Womwe uja. Munthu wathu akadali komweko." A Meja anazengereza. "Ukhoza kupempha kuti akusinthe. Ndi ufulu wako, ndipo ndingakuthandize."

"Akandisintha, pakhala wina amene sadziwa kuti m'nyumba ija muli mayi wa tiyi."

Ananyamuka, kupereka sawasha, n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikuyang'ana kabakuli ka masamba.

"Sajeni," anatero a Meja, "munachita bwino."

"Aliyense pano amachita bwino, Meja. N'chimene chikundiopsa."

Lachiwiri m'mawa ndinalowa m'kontena kukamulandira. Anali pa mpando, msana uli chilili, maso ofiira, dzanja pa chigwiriro cha kamera. Sanatembenuke. Anayamba kundipatsira ntchito ndi mawu a ntchito: Mkamwini ali m'nyumba ya pakona, walowa masana, sanatuluke. M'nyumbamo muli akazi awiri. Galimoto ili kuseri. Mafuta a ndege akwanira mpaka mdima.

"Wadya?" ndinafunsa.

"Malo otayira atsopano ndi awa." Anatembenuza kamera n'kuonetsa chigwembe cha miyala kunja kwa mudzi, chopanda mtengo, chopanda khoma, chopanda mthunzi wokwana ngakhale buluzi. "Ndawayang'ana usiku wonse."

"Muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Ndiye bwino. Dzuka, chemwali, kagone."

Anavula zomvera m'makutu n'kundipatsa, koma sanadzuke. Woyendetsa ndege wake anali atatuluka kale, Sandoval atakhala pa mpando wake akumasula botolo la madzi, akutiyang'ana ndi diso limodzi.

"Renfro, nthawi yako yatha," anatero Sandoval. "Boma sililipira chikondi."

"Ndikupita, bwana."

Anakoka kamera pang'ono kumanzere kwa chigwembecho, kenako kumanja, kenako anayandikitsa pa mwala wina waukulu n'kuuzungulira mbali zonse. Ine ndinaima kumbuyo kwake ndi chikwama changa paphewa, ndikuyang'ana nawo.

"Tayang'ananso iwe," anatero. "Maso anga atopa. Uko kumunsi kwa mwalawo, ndi mthunzi umenewo?"

Ndinawerama n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, monga ndinkayang'anira manja a anthu m'boti lija.

"Ndi mthunzi," ndinatero.

"Ukutsimikiza?"

Ndinakoka mpando wapulasitiki wa alendo n'kukhala pambali pake.

"Yandikitsanso pang'ono," ndinatero.